Tikiti ya Advance ilemekezeke

Anthu amene anatsikapo ndege pa Heathrow n'kupitiriza ulendo pa sitima kupita ku Manchester, Leeds kapena Glasgow amakonda kuinyoza tikiti yotchedwa Advance. Amati ndi yankhanza, siimva za munthu. Ine ndikuti anthu amenewa ndi osayamika. M'dziko lonse la Britain mulibe kapepala kena kophunzitsa mlendo zambiri pa mtengo wochepa ngati kameneka.

Taonani kudzichepetsa kwake. Mkulu wake, Anytime, amakulolani kukwera sitima iliyonse, koma kuchoka ku London kukafika ku Manchester, kupita kokha, amadya mapaundi opitirira 150, ndalama yoti poisintha m'makwacha muyambe mwakhala pansi. Winayo, Off-Peak, amati dikirani apantchito athe kaye kuthithikana. Advance ndiye wa ife tomwe. Amayamba kugulitsidwa kutatsala masabata ngati 12, ndipo wolawira amamupeza pa mtengo wozizira. Chimene amapempha n'chimodzi chokha: munene tsiku, ola ndi mphindi imene mudzakwere. Sitima yanu ndi imeneyo basi.

Ukulu wake wagona pamenepa, chifukwa munthu wamba amamusandutsa mlosi. Muli khale ku Ndirande kapena ku Area 25, ulendo ukadali miyezi iwiri, foni ili m'manja, ndipo mukufunika kuona zam'tsogolo. Ndege yochoka ku Lilongwe n'kukatera ku London osaima kulibe. Mudzasintha ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndiye loserani ngati kumeneko idzanyamuke pa nthawi yake. Pasipoti ya Malawi siidutsa pa zipata zamakina zija, choncho loserani kuti kutsogolo kwanu kudzakhala anthu angati, ndiponso kuti wofunsa uja adzafuna kudziwa zingati za kumene mukagone. Loseraninso za sutikesi ya ufa woyera ndi mpunga wa Kilombero, ngati idzatuluke koyamba, kumapeto, kapena mkuja.

Mukatero simunathe. Pa Heathrow sipafika sitima zopita kumizinda yakutali, muyenera kulowa kaye mu London, ndipo London anamwaza masiteshoni ake. Wa ku Manchester apite ku Euston, wa ku Leeds ku King's Cross, wa ku Leicester ndi Nottingham ku St Pancras, wa ku Bristol ndi Cardiff ku Paddington. Heathrow Express imakufikitsani ku Paddington m'mphindi 15, thumba likulira. Sitima yapansi ya Piccadilly ndi yotchipa, koma imatenga pafupifupi ola kuti ifike ku King's Cross, ndipo pa Euston siima. Zonsezi muwonkhetse, muphatikize masitepe ndi masutikesi awiri, mutchule ola. Kodi ndi sukulu iti inakuphunzitsanipo masamu otere?

Alosi ake amatuluka amitundu iwiri. Wolimba mtima amasiya mpata wa maola awiri, n'kufika ku Euston thukuta lili kamukamu, sitima itapita kale. Wamantha amasiya maola asanu ndi limodzi. Tsiku limenelo ndege imatera msanga, mzere umayenda, sutikesi imatuluka yoyamba, ndipo iye amakhala pa siteshoni kuonerera sitima za ku Manchester zikunyamuka ina pambuyo pa inzake, mipando ina ilibe anthu, iye wosaloledwa kupondamo. Woyamba waphunzira kudzichepetsa, wachiwiri kudekha. Palibe amene wabwerako chimanjamanja.

Nanga chilungamo chake! Basi ya pa Wenela imadikira idzaze, ndipo kondakitala mukamufotokozera kuti mukuthamangira maliro, mtima umamugwira. Advance sadziwa maliro, sadziwa malume, salandira ya fanta. Pulofesa ndi wotsuka mbale akachedwa ndi mphindi imodzi, onse agulenso ina. Sitima ikachedwa yokha, makampani ambiri amabweza kandalama kuyambira pa mphindi 15, mwa dongosolo lotchedwa Delay Repay. Koma ndege ikachedwa, imeneyo ndi nkhani ya kumwamba, a njanji siikuwakhudza. Komatu chifundo ali nacho, tisamunamizire. Amalola kusintha ola sitima isananyamuke, mutalipira mpaka mapaundi 10 ndi kusiyana kwa mtengo. Kungoti nthawi yoyenera kusinthayo imakupezani muli pamwamba pa chipululu cha Sahara, foni ili chozima.

Amalimbitsanso chibale. Mlongo wanu wa ku Leicester akakugulirani ndi khadi lake n'kusankha kuti mukaitenge pa makina, nthawi zambiri makinawo amafuna khadi lomwelo, limene lili m'chikwama ku Leicester. Akakutumizirani ya pa foni, batire limakhala litatha muli ku Nairobi. Mulimonsemo mudzapempha thandizo kwa munthu wosamudziwa, ndipo mlongo wanuyo mudzalankhula naye motalika kuposa chaka chonse chathachi.

Tisadabwe ndi nzeru zoterezi. Dziko limeneli linatsegula njanji ya pakati pa Liverpool ndi Manchester mu 1830, ndiye lakhala ndi nthawi yokwanira yoganiza. Linaganiza mpaka kufika poti matikiti awiri a sitima imodzimodzi, mpando womwewo, nthawi zina amatchipa kuposa tikiti imodzi ya ulendo wonse. Linaganizanso zoti Lamlungu, pamene amakonda kukonza njanji, tikiti yanu ya sitima ikhoza kukukwezani basi chigawo china cha njira, popanda kuwonjezera ndi khobidi lomwe.

Alipo ena ochenjera amene amati gulani Off-Peak mukafika, kapena kwerani basi ya National Express pa Heathrow pomwepo ikakutuleni ku Leicester osasintha. Asiyeni apite. Anthu otere amangofika kumene akupita, pa nthawi yake, nsima ikadali yotentha, alibe n'chofotokoza chomwe.