Gogomole ali pa bajeti, ine ayi

Ku America kuli mbalame imene inaimitsa akasinja a nkhondo. Musaganize za chiwombankhanga cha pa ndalama zawo chija, ayi. Ndi kagogomole kakang'ono, kakuda ndi mawanga oyera, koti mutakaotcha mwana mmodzi sangamalizire nako nsima. Apa mwaona kale vuto langa. Anthu ophunzira akamva za mbalame yosowa amafunsa kuti zatsala zingati, ine ndimayamba ndayeza kaye ngati ingakwane ndiwo.

Unduna wa zachitetezo wa dzikolo uli ndi malo oposa maekala 25 miliyoni, kuposa mtunda wonse wa Malawi mukachotsapo nyanja. Ndi malo ophunzirira nkhondo, oombera mizinga, oponyera mabomba. M'chaka cha 1990 nyumba ya malamulo ya kumeneko inakhazikitsa thumba lotchedwa Legacy Resource Management Program, n'kuponyamo madola 10 miliyoni poyambira, kuti asilikali azisamalira zachilengedwe ndi zinthu zakale za makolo zopezeka pa malo awowo. Lamulo lina la 1960, Sikes Act, linali litawauza kale kuti aziyendera limodzi ndi akatswiri a nyama zakutchire. Ndiye pa kampu ya asilikali pamakhala munthu wolandira malipiro mwezi ndi mwezi, ntchito yake kukwera makwerero n'kumawerenga mazira a mbalame. Ntchito imeneyo ine ndinaigwira ubwana wanga wonse popanda wondilipira, kungoti ndikamaliza kuwerenga ndinkawiritsa.

Gogomole ndikunenayu amapezeka pa kampu yaikulu ya Fort Bragg ku North Carolina ndi m'makampu ena a kum'mwera chakum'mawa kwa dzikolo. Ndi mbalame yosankha. Anzake amagogoda mitengo youma, iye amafuna paini wamoyo, wokhwima zaka makumimakumi, ndipo kuboola phanga limodzi kumatha kumutengera zaka zingapo. Akamaliza amajompha timabowo mozungulira khomo kuti utomoni uziyenderera, njoka ikati ikwere ibwerere panjira. Ana ake aamuna ambiri sachoka pakhomo msanga, amatsalira n'kumathandiza makolo kudyetsa ang'ono awo. Wanga nayenso sanachoke pakhomo, koma mbali imene amathandiza ndi yakudyayo.

Nkhalango za paini wa mtundu umenewu kale zinali ponseponse kumeneko. Anthu anadula, analima, anamanga, ndipo moto wa m'tchire ankauzimitsa ukangoyamba, osadziwa kuti nkhalangoyo popanda moto imadzaza zitsamba mpaka gogomole kusamuka. Pofika 1970 mbalameyi inalembedwa m'kaundula wa zamoyo zotsala pang'ono kutha. Kwina kumene inatsalako yochuluka kunali kuseri kwa mpanda wa asilikali, kumene nkhwangwa sifika ndipo mabomba amayatsa moto okha popanda kupempha chilolezo.

Mu 1990 a zanyama zakutchire anauza akuluakulu a Fort Bragg kuti zochita zawo zikuika mbalameyi pachiswe. Mitengo yokhala ndi mapanga inapakidwa mizere iwiri ya penti yoyera, ndipo galimoto za nkhondo zinaletsedwa kuyandikira pa mtunda wa mamita pafupifupi 60. Taganizirani bambo wa nyenyezi paphewa, woti akatsokomola anyamata chikwi amaima njo, akukhotetsa kasinja chifukwa m'mwambamo mayi gogomole akufungatira. Ine pakhomo panga ngakhale nkhuku sindiikhotera, ndipo nayo siindikhotera, timangogundana.

Asilikaliwo anachita masamu. Anaona kuti njira yochotsera zoletsazo ndi imodzi yokha, kuchulukitsa mbalamezo mpaka lamulo lisiye kuzidera nkhawa. Anayamba kutentha nkhalango dala, chigawo chilichonse kamodzi pa zaka zitatu. Anayambanso kuzimangira nyumba. Luso limeneli linafala namondwe Hugo atagwetsa mitengo yambiri ya mapanga mu 1989: munthu amakwera paini ndi macheka a injini, amadula bowo la ngodya zinayi, amalowetsamo kabokosi kathabwa kobowola kale, n'kumata m'mbali bwinobwino. Gogomole amangofika n'kulowa, osasaina pepala, osapereka ya miyezi itatu. Ndinawerenga zimenezi landilodi atangochoka pakhomo, ndipo sindibisa, nsanje inandigwira ndi mbalame yoti sindinaionepo. Pofika 2005 kampuyo ndi malo oizungulira anali atafikitsa mabanja 350 amene ankafunika, zoletsa zinayamba kuchepa, ndipo mu 2024 boma linaichotsa mbalameyi pagulu la zotsala pang'ono kutha n'kuiika pagulu la zongofunika kuziyang'anira.

Wina anganene kuti chimenechi si chikondi, ndi kudzikonda chabe. Zoona. Koma ine chikondi cha mitengo ndili nacho chambiri, ndimaombera m'manja pa tsiku lobzala mitengo, ndinavalapo ngakhale tisheti yake, ndipo chimatha nthawi yomweyo magetsi akazima. Kudzikonda kwa msilikali kwasunga nkhalango. Chikondi changa chasunga nambala ya foni ya wogulitsa makala.

Chimene chinandipweteka kwenikweni ndi gulugufe. Pa kampu yomweyo pali kagulugufe kofiirira kotchedwa Saint Francis' satyr, kamene sikapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Kanadziwika mu 1983, kenako kanasowa mpaka anthu kuganiza kuti katha, n'kudzapezekanso mu 1992. Kanapezeka kuti? M'madambo a pakati penipeni pa malo ogwera zipolopolo za mizinga. Moto wa mabomba umaletsa mitengo kumeza dambo, ndipo munthu salowamo chisawawa poti pansi pali mabomba osaphulika. Ngakhale aja osaka agulugufe osowa kuti akawabaye ndi singano m'mabokosi a galasi amaima patali. Ndiye kuti kachilombo kameneka kanaika bomba mbali ino, munthu mbali inayo, n'kusankha kukhala ndi bomba. Ndakhala ndikudziyesa munthu wofatsa. Sindinagwirepo mfuti, ndikamva kuphulika kwa tayala ndimayamba ndine kugona pansi. Lero ndikumva kuti pamaso pa chilengedwe ine ndi khasu langa, legeni yanga ndi mbaula yanga tikuposa mzinga kuopsa. Bomba limagwa, n'kuphulika, n'kutha. Ine ndikafika pamalo ndimamanga, ndimabereka, ndimaitananso alamu.

Sikuti ndalama zikaponyedwa zonse zimayenda. M'chipululu cha Mojave ku California muli akamba otetezedwa ndi lamulo. Mu 2008 asilikali a ku Fort Irwin anasamutsa akamba mazanamazana kuti akuze malo ophunzirira, ndipo ankhandwe a kumeneko, otchedwa coyote, anadya ambiri mpaka ntchitoyo kuimitsidwa. Boma linagulira nkhandwe chakudya chamasana pa mtengo wodula. Mu 2017 asilikali a Marines a ku Twentynine Palms anasamutsa akamba pafupifupi 1,000, ulendo uno pa helikopita, atawayeza kaye matenda, ena atawamata kawailesi pa chigoba kuti azidziwika kumene ali. Kamba wakwera ndege. Ine ndi imvi zangazi ndege ndimaionera pansi, dzanja lili pachipumi, ndipo kumene ndili palibe amafuna kudziwa kupatula amene ndili nawo ngongole.

Za makolo nazo zili chimodzimodzi. Pa malo a asilikali apamadzi ku China Lake, ku California komweko, kumene amayeserako zida, kuli matanthwe ojambulidwa ndi eni nthaka akale, zithunzi zikwizikwi, zambiri za nkhosa zam'mapiri za nyanga zopindika. Zasungika bwino chifukwa munthu sangangopitako ndi anzake Loweruka masana. Pamafunika chilolezo ndi wokuperekeza. Ife tili ndi zathu ku Chongoni ku Dedza, malo 127 amene UNESCO inawalemba mu 2006, ndipo ndikudzidziwa ndekha. Mutandisiya pathanthwe lotero ndili ndi khala m'manja, dzanja limayamba kuyabwa kuti mibadwo ya m'tsogolo idziwe kuti ndinafikapo, ndi dzina la timu yanga pansi pake.

Ndipo musati nzeru yoika msilikali pakati pa ine ndi mtengo ndi ya azungu okha. Mu 2015 boma lathu linatumiza asilikali ku nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera madzi a mzinda wa Lilongwe, kuti akaletse kuotcha makala. Ndinayamikira kwambiri pa minibasi, mokweza mawu kuti onse amve. Madzulo ake ndinakangana ndi wa njinga chifukwa chokweza thumba la makala.

Koma gawo limene landigwira mtima ndi ili. Nyumba zikayandikira mpanda wa kampu, anthu amayamba kudandaula za phokoso ndi utsi, nyama nazo zimathawira mkati n'kuwonjezera zoletsa. Choncho kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, unduna uja uli ndi thumba lina lotchedwa REPI, limene mogwirizana ndi mabungwe osamalira zachilengedwe limalipira eni malo oyandikana ndi makampu kuti asamangepo, nkhalango kapena munda ukhale momwe ulili. Kulipidwa chifukwa chosachita kanthu! Abale anga, luso limeneli ndinabadwa nalo, ndalikulitsa ndekha popanda thandizo la boma, kungoti ndinabadwira kutali ndi msika wake.

Ndinawafotokozera mayi a kunyumba ali pa mtondo wa nsinjiro. Ndinati pulani yanga ndi yolembera akuluakulu kuti pakhomo pano pakhale malo otetezedwa, ine ndizilandira kangachepe posadula mitengo.

"Mitengo yake iti, bambo?" anafunsa osatukula mutu. "Wa mango munadula kuti muotchere njerwa. Njerwazo munagulitsa. Watsala ndi wa papaya, ndipo ndinabzala ndine."

Ndinasintha pulani pomwepo. Ndinati basi andilembe ineyo m'kaundula wa zamoyo zofunika kutetezedwa, andipake mizere iwiri yoyera, angongole aziima mamita 60.

Anaimika munsi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku mapatapata.

"Mwanena nokha kuti amalemba zosowa. Amuna onga inu pitani pa bawo paja muwawerenge, mupeza kuti boma likufunika ndalama zowachepetsera. Tengani ndowa mukathirire papayayo."