Mkakawo Wadutsa Pati?

Mwana wa mng'ono wanga asanathe miyezi iwiri, kamimba kake kanatupa n'kumanyezimira, mchombo n'kutulukira kunja. Kumudzi anati ndi tsempho, ndipo anthu anayamba kuwayang'ana mokayikira alamu anga. Ine ndinangomanga kamtolo n'kupita nawo kuchipatala cha Gulupu ngati gadiyani.

Adokotala atabaya singano pambali pa kamimbako, m'sirinji munadzaza madzi oyera mbee ngati mkaka. Ndinafunsa, "Adokotala, kodi matumbo abooka?" Anati ayi. Nanga mkakawo wadutsa pati?

Anandijambulira papepala. Akuti kupatula mitsempha ya magazi, m'thupi muli timitsempha tina tating'ono kwambiri. Timatenga mafuta a chakudya m'matumbo, n'kukwera nawo motsata msana mpaka kukawathira m'magazi m'munsi mwa khosi, chakumanzere. Mwa makanda ochepa chabe timitsemphati sitiumbika bwino, ndiye timadontha. Matendawa akuti ndi chylous ascites. Mnyamata wina wophunzira udokotala anandiuzanso kuti Gaspare Aselli wa ku Italy anationa mu 1622, m'mimba mwa galu amene anali atangodya kumene. Ndiye kuti anthu atidziwa zaka 400, ine mpaka imvi osamvako?

Kenako adokotala anati mwana asiye bere. Apa mutu unaima. Kusikelo si paja amatiuza kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6? Bere lingapweteke bwanji mwana? Anesi anandikhazika pansi n'kunena kuti mkaka wa m'mawere ulibe vuto, koma mafuta ake amadutsa m'njira yobookayo. Pali mkaka wapadera umene mafuta ake amalowa m'magazi n'kupita kuchiwindi osadzera kumeneko, ndipo ana ena amadyetsedwa padiripi pokha, kuti mwina pobookapo patsekeke pokha. Usiku mng'ono wanga ankakamira mkaka wake m'kapu kuti mabere asaume, misozi ili mbwembwembwe.

Masabata anapita. Akapopa madzi, mimba imadzazanso. Ndinafunsa kuti bwanji osangopanga opaleshoni tsiku loyamba lomwe? Anati pobookapo pamachepa kwambiri, mwina osaoneka n'komwe, ndipo ana ambiri amachira popanda mpeni.

Tsiku lopita ku fiyeta, ndinaona anesi akuthira zamafuta m'kapaipi ka m'mphuno.

"Anesi, dzana munkakaniza, lero mukumupatsa?"

"Inde mayi. Tikufuna podonthapo payere kuti adokotala apaone n'kupasoka."

Apo ndiye ndinamva msanga. Nayenso wokonza njinga amayamba wapopa chubu n'kuchiviika m'madzi kuti aone potuluka mpweya.

Anapapeza, anapasoka. Patapita masabata angapo mwana anabwerera kubere.

Funso limodzi likundivutabe: tikanachedwa kumudzi kukambirana za amene anasempha mwana, bwenzi zitatha bwanji? Amayi anzanga, khanda likatupa mimba, thamangirani nalo kuchipatala akaone chimene chili m'katimo.