Mlandu wa Mpando wa Zikwanje

Pa Kaseye munthu wanzeru satsutsana ndi bambo mfumu ali pa guwa, kapena namwino jakisoni ali m'manja. Sayerekezanso kutsutsana ndi Aphunzitsi akayamba za mabuku awo asanu aja. Awiri oyambawo nthawi zina amakhululuka.

Aphunzitsi anapuma pa ntchito kalekale, koma mawu awo akadali a patsogolo pa bolodi. Mabukuwo anawasiyira mzungu wina amene anadzagwirako ntchito kuno. Tsiku lonyamuka anaona kuti chikwama chalemera, ndiye anatula mtolowo kwa munthu woyamba amene anamuona atavala mandala. Ndi mabuku a George R. R. Martin, lililonse lonenepa ngati njerwa: loyamba, A Game of Thrones, linatuluka mu 1996, lachisanu, A Dance with Dragons, mu 2011. Aphunzitsi anawakutira ndi pepala la thumba la simenti, n'kuwawerenga kawiri, koyamba pa koloboyi, kachiwiri pa tochi. Pa shelefu yawo, kumapeto kwa mzere, anasiya mpata wa chikhatho chimodzi. Ndi malo a buku lachisanu ndi chimodzi, limene mlembi analonjeza.

Ine kwathu ndi ku Kasungu. Ndinabwera kudzatsegula kashopu kotchaja mafoni pa sola. Chilambya ndi Chindali ndimamva mwa apo ndi apo; wina akati "mwaghona" ndimayankha, akapitirira ndimangomwetulira. Aphunzitsi anandikonda chifukwa wa shopu alibe kothawira. Ankabwera ndi foni yawo ya mabatani ili yodzaza kale, n'kuipereka kuti nditchaje, iwo n'kukhala pa kreti. Motero ndinaloweza mabanja a Stark, Lannister ndi Targaryen ndisanadziwe dzina la nyakwawa ya mudzi umene ndinkagona.

Khomo loyandikana ndi langa ndi la vidiyo. Mukudziwa mamangidwe ake: chipinda chopanda windo, mabenchi a matabwa osapala, nsalu yakuda pakhomo, sipika panja yolalatira mpaka kumsika. Mafilimu amabwera pa fulashi, m'thumba la wanjinga yamoto wochokera ku boma. Mwini wake ndi mnyamata amene amagwira maikolofoni n'kumamasulira filimu ili mkati, Chichewa apa, Chilambya apo, ndi Chiswahili pang'ono kukakhala alendo owoloka Songwe. Chingerezi chake aliyense amachidziwa gwero lake. Anachilephera kawiri m'manja mwa Aphunzitsi omwewa.

Tsiku lina sipika inatchula dzina la Lannister. Aphunzitsi anadzuka pa kreti ngati alumidwa ndi linthumbu. Ku America kampani ya HBO inali itasandutsa mabuku awo kukhala sewero la pa kanema kuyambira mu 2011, ndipo palibe anawauza. Mawa lake anavala jekete ndi tayi, analipira pakhomo ngati wina aliyense, n'kukhala benchi la kutsogolo pakati pa ana onunkha utsi ndi mapapaya. Buku loyamba linali pa miyendo.

Sipanathe mphindi khumi. Mnyamata uja anali atabatiza kale dziko lonse. Winterfell, kozizira kuja, kunali ku Misuku. King's Landing inali Lilongwe, "kumene amadyera misonkho yathu". Chikhoma cha madzi oundana chinali boda ya Songwe, ndipo alonda ake ovala zakuda anali a kasitomu. Akufa oyenda aja anali ndondocha, zimene palibe anafunsa tanthauzo. Mpando wachifumu wosulidwa ndi malupanga unakhala mpando wa zikwanje. Tyrion anangoti Kafupi.

"Imitsa kaye, iwe!" Aphunzitsi anaimirira, chala m'mwamba. "M'bukumo sizili choncho."

"Khalani pansi, Aphunzitsi, mukutitchinga!"

Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo linasintha. Ana akakumana nawo pa msewu amagwada mwaulemu wonse, manja pamodzi, n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, a M'bukumo?"

Pali zina m'seweroli zimene mwana sayenera kuona, ndipo si zochepa. Mnyamata wa vidiyo anali ndi chitenje cha chipani chimene ankaphimbira kanema zikafika pamenepo, iye n'kumalengeza kuti, "Apa akukambirana za chitukuko." Mkulu wina wa mpingo, amene Lamulungu lililonse ankadzudzula nyumba ya vidiyoyo, anapezeka madzulo ena diso lili pa bowo la khoma lakuseri. Atafunsidwa anati sangadzudzule chimene sanachione.

Zaka zoyamba za seweroli Aphunzitsi anali mneneri. Ankadziwa amene afe mawa, ndipo sankasunga chinsinsi. Ukwati uja umene alendo anaphedwa ali pa phwando, chipinda chonse chinalira, amayi ogulitsa chinaka panja mpaka anasiya beseni n'kulowa kudzaona maliro. Aphunzitsi okha anali phee. Anatembenuka n'kulonjeza khamu lonse kuti Catelyn Stark, mayi wodulidwa pakhosi uja, adzauka kwa akufa kudzabwezera, chifukwa m'bukumo zili choncho. Wa chiwaya anakana. Anabetcherana tambala. Sizoni yachinayi inatha, yachisanu inatha, mayiyo ali gone m'manda a anthu a kanema. Tambala anapita, ndipo Aphunzitsi anamva fungo lake akudutsa pa chiwaya. Sanalawe.

Choopsa chenicheni chinadza pamene sewero linapitirira mabuku. Buku lachisanu limasiya Jon Snow, mmodzi wa alonda ovala zakuda aja, atabayidwa ndi anzake, magazi ali pa chipale, basi. Kanema anamudzutsa n'kupitiriza ulendo. Tsopano ana anayamba kutembenukira ku benchi la kutsogolo. "Aphunzitsi, apa m'bukumo akuti chiyani?" Iwo ankangopukuta mandala.

Madzulo amenewo pa kreti anandifotokozera ndi chitsanzo chimene munthu aliyense wa ku Chitipa amachimva m'mafupa. "Achimwene, msewu wa Karonga mukuudziwa. Anauyamba a ku Taiwan, boma litasintha abwenzi anadzaumaliza ndi Matchaina. Koma msewu uli ndi mapu. Apa kontilakita woyamba wakhala pansi ndi mapu m'thumba, ndiye anyamata awiri, David Benioff ndi D. B. Weiss, akungothira tala kulikonse kumene galimoto yaloza." Ndinawakumbutsa kuti msewuwo unathadi, ndipo anthu akuyendapo. Anandiyang'ana ngati ndalemba yankho la masamu pa mayeso a Chingerezi.

Sizoni yomaliza, yachisanu ndi chitatu, inali ndi magawo 6 okha, pamene zoyamba zija zinkakhala ndi 10. Kunja inatha pa 19 May 2019, ife kutatsala masiku awiri kuti tikavote. Kuno inafika mu June, mphepo ya ku mapiri ikulowa mpaka m'mabulangete. Anthu anadzaza mpaka pakhomo kudzaona nkhondo ya ndondocha imene anaidikira zaka zonsezi.

Nkhondoyo inajambulidwa usiku, ndipo inatuluka ili usiku. Pa kanema panali mdima, mdimawo ukukuwa. Mnyamata anamenya kanema kumbali, anagwedeza mawaya, anapukuta galasi ndi malaya. Kenako wina kumbuyo anati vuto ndi batire, ndipo batire la vidiyo limatchajidwa ndi ndani? Anthu khumi anatulukira pakhomo panga kudzafuna ndalama zawo. Ndinalumbira pa manda a agogo anga kuti batire linali lodzaza. Anandipulumutsa ndi womasulira yemweyo, amene kwa nthawi yoyamba m'moyo wake ananena zoona pa maikolofoni: "Abale, apa nanenso sindikuona. Koma zikumveka kuti kukufa anthu."

Mfumu ya ndondocha, imene inaopsa dziko kwa zaka zisanu ndi zitatu, inafa ndi kampeni kamodzi ka mtsikana. Wa chiwaya anati ngakhale mbuzi imavuta kuposa pamenepo.

Gawo lotsatira, pa tebulo la phwando la mafumu akale, panaoneka kapu ya khofi ya masiku ano, ya pepala, yoiwalika ndi ojambula. Eni ake anaifufuta pambuyo pake, koma fulashi yathu inali ya tsiku loyamba. Aphunzitsi, atatsinidwa khutu ndi mdzukulu wawo wa ku Mzuzu pa WhatsApp, analamula kuti aimitse pomwepo, n'kuiloza ndi ndodo ngati cholakwa cha pa bolodi. Ankayembekeza kuti anthu akwiya. M'malo mwake bambo wina wa ku Misuku anaimirira n'kunena kuti wakhala akuuza anthu kuti khofi wa kwawo amafika kutali. Anamuombera m'manja.

Za mapeto ake sizinakambidwe m'chipinda. Zinatuluka panja, pansi pa mtengo wa mango, ngati mlandu wa ufumu, ndipo zinatenga masiku atatu. Kuti Daenerys wa banja la Targaryen anatentha Lilongwe yense ndi chinjoka chake, ambiri sanadabwe. Ena anangofunsa ngati Capital Hill inapsa nawo. Chinawawa akuluakulu ndi china. Jon Snow ndi mwana wa mchimwene wake wa Daenerys. Kuno ufumu ndi ana zimatsata kuchimuna, ndipo mlongo wa bambo ako ndi munthu amene umamugwadira, amene mawu ake amamveka pa ukwati wako. Mnyamatayu anagona ndi azakhali ake, kenako n'kuwabaya. Gogo wina anawerenga pa zala ng'ombe za mlandu woyamba, anawerenga za wachiwiri, zala zinatha, anabwereka za mnzake.

Nanga ufumu anapatsa yani? Bran, mnyamata wa pa njinga ya olumala, amene zaka zonse ankati safuna udindo uliwonse. Apa anthu sanavutike kumva. Timawadziwa anthu otere; amati iwo sakufuna, koma anthu ndiwo awapempha. Ndipo pamene Samwell, mnzake wa Jon, anapereka maganizo oti aliyense m'dziko azisankha nawo mfumu, mafumu a m'filimu anaseka mpaka kugwira nthiti. M'chipinda mwathu simunaseke munthu. Inki inali isanatheretu pa zikhadabo, ndipo wailesi inkangokamba za mapepala a zotsatira ofufutidwa. Womasulira anangoti, "Apanso padutsa tipeksi."

Aphunzitsi atamva kuti kunja anthu oposa 1 miliyoni asayina pa intaneti kupempha kuti sizoni yomaliza ijambulidwenso, anagula kope lachikuto cholimba, anajambula mizere ndi rula, n'kukhala pa khonde langa: dzina, mudzi, siginecha. Pa Kaseye munthu wa tayi akakhala ndi kope ndi cholembera, uthenga umathamanga kuposa njinga yamoto. Pofika masana mzere unali utafika pa chigayo. Amayi anabwera ndi ziphaso za umzika zokulunga m'mapepala a shuga, agogo anabwera pa wilibala, ena anadinda chala. Aphunzitsi misozi inalengeza. Anandinong'oneza kuti sankadziwa kuti anthu a kuno amakonda mabuku chotere.

Mayi wa nambala 84 ndiye anafunsa: "Nanga makuponiwo abwera liti, Aphunzitsi? Ndi a feteleza yekha kapena ndi mbewu yomwe?"

Zimene zinanenedwa pambuyo pake zinanenedwa m'zilankhulo zosachepera zisanu, ndipo ndikuthokoza kuti zambiri sindinazimve.

Pa 3 February 2020 tinakhala tsiku lonse pa wailesi ya m'shopu mwanga, oweruza asanu akuwerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500. Dzuwa litalowa anati chisankho chija chafafanizidwa, chichitikenso pasanathe masiku 150. Anthu anavina mu msewu, ena anakhala chete, malinga ndi chitenje chimene chinali m'nyumba. Aphunzitsi anandigwira mkono mwamphamvu.

"Mwaona, achimwene? Zimatheka. Mapeto akalakwika amabwerezedwa." Anakhala kaye chete. "Komanso taonani, masamba 500, ndipo amaliza kulemba. Uja wa ku America akutani?"

Anafuna keyala ya khotilo. Ndinawauza kuti mlandu wawo ndi wa dziko lina. Anati ndondocha zilibe boda.

Tinavotanso pa 23 June 2020. Sewero silinabwerezedwe. Mnyamata wa vidiyo anabwerera ku mafilimu a ku Nigeria ndi a karati, amene alibe buku. Aphunzitsi amabwerabe kumayambiriro a mwezi uliwonse, penshoni ikalowa, n'kundigulira bandulo kuti ndifufuze ngati buku lachisanu ndi chimodzi lija, The Winds of Winter, latuluka. Ndimakwera pa chulu cha kuseri kumene netiweki imagwira, ndimabwerako, ndimapukusa mutu.

Sabata yatha ndinawaperekeza kwawo kukatenga tochi yoti ndikonze. Mabuku asanu ali pomwepo, m'malaya awo a simenti. Pa mpata uja wa chikhatho chimodzi pakhala thadzi la mawangamawanga, ndipo Amayi akunyumba akuti lisasokonezedwe, likufungatira mazira asanu ndi awiri.