Ndinkayesa chilankhulo ndikuchidziwa

Mwana wa mlongo wanga atabwera kuno ku Chongwe ndi assignment ya linguistics, ndinamuuza kuti mtima m'malo, amalume ake athana nayo. Chichewa ndinayamwira kubere ku Katete, ndiye ndinkaona ngati palibe chingandivute.

Funso loyamba linali la phoneme, kaliwu kamene kakasintha, tanthauzo nalo limasintha. Ndinayankha molimba mtima kuti phoneme ndi chilembo basi, ndipo h wa mu "ph" ndi wongokometsera. Mwanayo anafunsa mwaulemu kuti, "Amalume, nanga pala ndi phala n'chimodzi?" Kupala moto ndimakudziwa, phala ndakula nalo, koma sindinazindikirepo kuti chosiyanitsa ndi kampweya kotuluka pambuyo pa p, moti ndinaika chikhatho pakamwa n'kumabwereza pala, phala, pala, phala, mpweya ukundiomba m'dzanja, nkhope ili yogwa. Pa tone ndinakanitsitsa kuti zimenezo n'za Chitchaina, mpaka anandinenetsa mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo, ndipo ndinadzimva ndekha mawu akukwera pa "te" wa mtengo womera uja.

Chimene chikundiwawabe ndi nkhani ya dialect. Ndinati Chisoli, chilankhulo cha Asoli a kuno, ndi nthambi chabe ya Chinyanja, poti Chinyanja ndicho ana amaphunzira kusukulu ndipo pamsika aliyense amachilankhula. Kuti aone yekha, ndinamutengera kwa agogo ena oyandikana nafe, foni ili m'manja, ndinawapempha atisimbire za Chakwela Makumbi, mwambo wopempha mvula wa anthu a Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, iwo n'kuyamba kufotokoza m'Chisoli mwachifatse, ine ndikungogwedeza mutu ndi "eya, eya", ndikutola liwu apa ndi apo, thukuta lili kamukamu, mpaka anandifunsa funso limene sindinadziwe n'komwe kuti ndi funso, ndipo ndinayankha kuti zikomo. Anabwereza m'Chinyanja mokoma mtima. Titafika kunyumba ndinapeza kuti batani la record sindinalidine.

Usiku ndinawerenga notsi za mwanayo. Pa kagawidwe ka zilankhulo za Chibantu kamene Malcolm Guthrie anayamba mu 1948, Chichewa chili m'gulu N, pamene Chisoli chili m'gulu M, pamodzi ndi Chilenje, Chiila ndi Chitonga. Ndimalima pa nthaka ya Asoli, ndimamwa madzi a mtsinje wa Chongwe, koma chilankhulo chawo ndinachiyesa Chinyanja chopotoka. Chisoli ndi chilankhulo pachokha, ndipo agogo aja avomera kundiphunzitsa, kuyambira pa moni.