Did ndi Came Sakwera Minibasi Imodzi

Pamzere wa ku banki sabata yatha, njonda ina yovala suti yothina m'khwapa inatembenukira mlembi wa nkhaniyi n'kufunsa kuti, "Did you came before me?" Atayankhidwa m'Chichewa, bamboyo anakwinya mphuno, kumva chisoni kuti anthu osaphunzira nawonso ali ndi akaunti.

Chikhala anatsitsako mapewa, akanauzidwa kuti did wanyamula kale nthawi yakale, choncho mnzakeyo amangokhala come. Kunena "did you came" n'kulipira kondakitala kawiri pa ulendo umodzi, kenako n'kumadzitama.

Did amachokera kwa do, ndipo do ali ndi ntchito ziwiri. Payekha ndi mneni weniweni: "She does the dishes", mayi akutsuka mbale. Kwina amangoperekeza mneni mnzake pofunsa, pokana ndi potsindika. N'chifukwa chake mu "What do you do?" alimo awiri, woperekeza ndi mwini ntchito. Kungoti m'tauni funsoli limakhala likuyeza ngati ndiwe woyenera kupatsidwa mpando.

Koma anthu otopetsa zedi ndi a do wotsindika. Iyeyu amayenera kutuluka wina akakutsutsa. Njonda zathuzi palibe wazitsutsa, koma imvani: "I do stay in Area 47. I do drive. I do take my tea without sugar." Ndani anakana, bwana? Akadwala they do cough, akachira they do thank God, ndipo akamwalira m'bale wawo adzaimirira pamaliro n'kulengeza kuti malemu did passed away.

Chowawa n'chakuti awa ndi omwe amaseka mwana wakumudzi akanena "he don't" m'malo mwa "he doesn't". MANEB sipereka satifiketi ya MSCE kwa wolephera Chingerezi, ngakhale masamu atakhoza bwanji. Mwanayo lero akugulitsa mandasi pa depoti, pamene a Did You Came ali pampando wozungulira, kulemba makalata olamula anzawo kuti "do the needful" osatchula chofunikacho.

Do ali ndi luso linanso: amaimirira mneni yense kuti usabwereze. Wina akafunsa "Do you drink?" yankho ndi "I do", basi. Mwina n'chifukwa chake akwati a m'tauni amakakamira malumbiro a Chingerezi. Munthu amangoti "I do" mokweza, anthu n'kululuta, koma chimene walonjeza kuchita sanachitchule ndi pakamwa pake.