Udokotala waulere wandisiya ndi ngongole

Pamaliro akwathu pamakhala mipando yapulasitiki yowerengeka, ndipo eni ake amadziwika: amfumu, abusa, aphungu akakhala kuti chisankho chayandikira, ndi aliyense amene dzina lake limayamba ndi Dr. Otsalafe timagawana njerwa ndi mizu ya mango. Anthu ena amafuna PhD kuti apeze mankhwala a malungo kapena athetse njala m'dziko. Ine ndikufuna mpando. Ndine mphunzitsi wa sekondale yoyendera, ndili ndi digiri yachiwiri yophunzira Loweruka ndi Lamlungu, ndipo msana wanga watopa ndi njerwa.

Njira yachidule ilipo. Mayunivesite amapereka udokotala waulemu kwa oimba, andale ndi amalonda, koma amayamba afunsa chimene munthuyo wachitira dziko. Ine chachikulu chimene ndachitira dziko ndi msonkho, umenenso amadula ndisanauone. Ndiye yatsala njira yaitali: kupita kunja, kukachita kafukufuku zaka zitatu kapena zinayi, wina akulipira. Nkhani yonse yagona pa winayo.

Mlamu wanga, amene amadziwa chilichonse chifukwa anakhalako ku Johannesburg, anati, "Alamu, musavutike, lembani ku Chevening." Chevening imalipira digiri yachiwiri ya chaka chimodzi, PhD ayi. Anati ndiye Rhodes. Thumba limeneli, la Cecil Rhodes uja anamwalira mu 1902 atalemera ndi dayamondi ya ku Kimberley, limatengadi Amalawi kupita nawo ku Oxford, koma limafuna ana a zaka za m'ma 20. Zaka zimenezo ndinazisiya kalekale pamodzi ndi tsitsi la pakati pamutu. Gates Cambridge inayamba mu 2000 ndi madola 210 miliyoni ochokera ku bungwe la Bill ndi Melinda Gates, ndipo imatenga anthu pafupifupi 80 pachaka padziko lonse lapansi. Ndinawerenga mbiri za ena amene anasankhidwa, ndinatseka laputopu mwaulemu, n'kupita kukathirira mpiru.

Yotsala inali Commonwealth, imene yakhalapo kuyambira 1959. Iyo imalipira fizi, ndege ndi ndalama ya pamwezi. Koma pa PhD imafuna kalata ya pulofesa wa ku Britain wonena kuti wakuona, wakukonda, ndipo wavomera kukuyang'anira. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ntchitoyi ndi kufunsira mbeta. Mbeta yake ndi yadazi, ili ndi ofunsira mazanamazana, ndipo ulibe malume woti akakulankhulire.

Kalata yanga inali yamwambo. Ndime yoyamba inafunsa za moyo wawo ndi wa apabanja pawo. Yachiwiri inafotokoza za mvula ya chaka chino. Yachitatu inanena kuti ndine woyamba kubadwa m'banja la ana 9 ndipo ndine wokonzeka kufufuza chilichonse chimene iwo angakonde. Ndinaitumiza kwa mapulofesa a zachuma, a zaulimi, ndi mmodzi wa za nyenyezi poti nkhope yake inkaoneka yachifundo. Anthu akunja mwambo alibe. Mmodzi yekha ndiye anayankha, ndipo sanali iye koma kompyuta yake, yondiuza kuti mwiniwake ali patchuthi.

Amene anandimasula ndi mtsikana wina amene ndinkamuphunzitsa Fomu 3, yemwe ndinkamutchetchetsa udzu chifukwa chochedwa. Pano akuchita PhD ku Sweden. Anandiimbira pa WhatsApp, ulemu uli wonse, koma mawu ake ankamveka kuti udzu uja sanauiwale.

"Aphunzitsi, musamapemphe thandizo. Funsirani ntchito."

Anati ku Sweden, Norway, Denmark ndi Netherlands, wochita PhD kawirikawiri amakhala wantchito wa yunivesite. Amalandira malipiro, amakhoma msonkho, ali ndi tchuthi ndi penshoni. Pulofesa amayamba wapeza ndalama za kafukufuku wake, kenako amalengeza malo pa intaneti, pa EURAXESS, pa AcademicTransfer ya ku Netherlands kapena pa Jobbnorge ya ku Norway, ndipo mutu wa kafukufuku umakhala utasankhidwa kale. Iwe umangosonyeza kuti ndiwe munthu wake. Ku Germany mayunivesite ambiri aboma salipiritsa fizi, koma ngati ulibe ntchito kapena thandizo la bungwe la DAAD, amafuna uonetse mayuro 11,904 a chaka chimodzi, otsekeredwa mu akaunti yapadera, kuti usakafe ndi njala m'dziko la eni. Ku Britain ndalama za boma za kafukufuku, za UKRI, zimapatsa wophunzira mapaundi 20,780 m'chaka cha 2025/26, koma akunja saloledwa kupitirira 30 pa 100 alionse. Ku America PhD imatenga zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo ambiri amadya za kuphunzitsa ana a digiri yoyamba ndi kuchonga mapepala awo. Ndinamuuza kuti sindingakwere ndege kukachonga mapepala, poti ntchito imeneyo ndikuithawa konkuno.

Anatchulanso malo olipiridwa ndi European Union a dzina la Marie Skłodowska-Curie. Lamulo lawo limati wofunsira asakhale kuti anakhala m'dziko limene akupitalo miyezi yoposa 12 pa miyezi 36 yapitayi. Abale, chiyambireni ulendowu, ili ndi lamulo lokhalo limene ndinakhoza popanda wopikisana naye. Malire a dziko lino ndinawaonera ku Mchinji, chakuno kwa chipata.

"Ndipo kalata yanu ikhale yaifupi," anatero mwanayo. "Nenani pepala lawo limene mwawerenga, funso limene lakutsalirani, ndi chimene inu mungachite. Zamvula zisiyeni."

Mutu ndinali nawo kale: chifukwa chimene anthu amalepherera kubweza ngongole za banki m'khonde. Nditayamba kuwerenga ndinapeza kuti alendo analemba kale zambiri za mabanki amenewa. Anabwera ndi magalimoto, anafunsa akazi athu mafunso pansi pamtengo, anabwerera kwawo n'kusindikiza, ndipo tsopano kuti ndiwerenge zimene apongozi anga anayankha, pepala limodzi likufuna madola oposa 30. Ndimawerenga ndime yaulere ya pamwamba ija, zotsalazo ndimafunsa apongoziwo.

Tsono ndalama. Palibe amene amakuuza kuti maphunziro olipiriridwa zonse amayamba ndi iwe kulipira. Choyamba ndi mayeso a Chingerezi a IELTS. Ine Chingerezi ndinachiyamba ku pulayimale, ndinavalapo chikwangwani pakhosi chifukwa cholankhula Chichewa m'kalasi, ndipo lero ndimaveka ana a eni chikwangwani chomwecho. Komabe ndiyenera kulipira kuti munthu andimvetsere ndikufotokoza za chakudya chimene ndimakonda. Amachonga mpaka 9, mayunivesite ambiri amafuna 6.5, ndipo zotsatira zimatha mphamvu pakapita zaka ziwiri. Ndiye kuti Chingerezi chimaola. Gawo lomvetsera linandisambula: munthu wa m'makinamo ankasungitsa chipinda ku hotela mothamanga, ndipo pamene ndinkalemba nambala ya foni yake iye anali atasintha kale tsiku lofika.

Kenako makalata a magiredi ochokera kumene ndinaphunzira, chidindo cha loya patsamba lililonse, pasipoti, ndi bandulo imene imatha fomu ili pakati. Mayunivesite ena, makamaka a ku America, amafuna ndalama yongofunsira malo, yamadola. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro anga ndikawasintha kukhala madola amakwana m'thumba lamalaya popanda kutukumuka, ndipo madolawo kuti uwapeze kubanki pamafunika pemphero losala kudya. Ukapambana zonsezi, viza ya ku Britain imafuna ukayezetse chifuwa cha TB, ndiponso pali msonkho wa zaumoyo wa mapaundi 776 pachaka, wolipiriratu zaka zonse, pokhapokha okulipirira atausenza.

Ndalama zonsezi zinachokera ku banki m'khonde ya mayi akunyumba, m'dzina lawo, pachiwongola dzanja chimene sindingachitchule m'nyuzipepala yowerengedwa ndi ana. Mwezi wobweza unakwana, unadutsa. Tsopano amayi a gululo amabwera Lachinayi lililonse kudzakhala pakhonde panga, ndipo ine ndimawaonera pazenera ndikulemba manotsi. Pulofesa aliyense wofuna munthu wodziwa nkhaniyi kuchokera mkati sangapeze wina woposa ine.

Mayi akunyumbawo poyamba sankafuna kumva. "Bambo a Chisomo, walira mvula walira matope. Ngongoleyi mubweza ndi udokotala?" Koma mnzawo wina wa kutchalitchi anawauza kuti kuyambira Januwale 2024 Britain inaletsa ophunzira ambiri a digiri yachiwiri kutenga mabanja awo, pamene a PhD amaloledwabe. Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi kapitawo. Amandidzutsa 4 koloko m'mawa kuti ndilembe. Anagula kale majuzi awiri pakaunjika, onse a saizi yawo. Ndikati ndikuganizira za Norway amafunsa ngati kumeneko ufa umapezeka.

Usiku wina mtima utagwa ndinakumbuka Legson Kayira. Mnyamata ameneyu ananyamuka kumpoto kwa dziko lino mu 1958 wapansi, akuti akupita ku America kukaphunzira. Ku Kampala anapeza buku la mayina a makoleji, analembera Skagit Valley College ya m'chigawo cha Washington, ndipo anamulandira. Anapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum, anafika ku America mu 1960, pambuyo pake anakaphunziranso ku Cambridge. Iye analibe nsapato zolongosoka. Ine ndili ndi nsapato, laputopu ndi digiri ziwiri, koma ndaima pa tsamba limene likundiuza kuti pasiwedi yanga ilibe chilembo chachikulu. Kayira anali ndi mwayi umodzi umene ine ndilibe: mikango ya m'njira sinkafuna PDF yosapitirira 2 MB.

Komabe kalata yaifupi ija inagwira ntchito. Yunivesite ina ya ku Norway inandiitana kuti ticheze pa Zoom. Ndinavala jekete ndi tayi kumtunda, kumunsi kabudula. Anthu atatu anandifunsa njira imene ndidzasanthulire manambala anga. Ndili pakati poyankha magetsi anazima, tambala wa aneba analowa m'nkhaniyo, ndipo nditabwerera pafoni ndinapeza nkhope yanga itauma pakanema, kukamwa kuli yasa. Anati zisandidetse nkhawa. Anangopempha kuti makalata awiri ondichitira umboni afike Lachisanu lisanathe, otumizidwa ndi eni ake kuchokera pa imelo ya kuntchito kwawo.

Ya ahedi inapita tsiku lomwelo, poti iwo akhala akufuna nditachoka. Yachiwiri inali ya aphunzitsi anga a kuyunivesite, amene anandiyang'anira pa digiri yachiwiri. Ndinawatumizira chilengezo chonse cha ntchitoyo kuti adziwe zolemba. Lolemba anati ali pamsonkhano kunyanja. Lachitatu foni inkangoitana. Lachinayi usiku anaimba okha, mawu ali ofewa kuposa masiku onse.

"Achimwene, chilengezo chija ndachiwerenga bwinobwino. Malipiro akewo ndi a pamwezi kapena a pachaka?"

Ndinati a pachaka, bwana, koma msonkho usanachotsedwe.

"Ngakhale choncho," anatero, n'kupuma pang'ono. "Mukudziwa kuti kuntchito kuno akutivutitsa ife amene tilibe PhD. Ndaona kuti malo achiwiri pa pulojekiti yomweyo sanatseke. Kalata yanu ndilemba usiku uno, musadandaule. Koma inu Chingerezi chanu chili ndi satifiketi yatsopano. Mungandionereko yangayi ngati ili bwino? Ndayamba ndi kuwafunsa za moyo wa apabanja pawo."