Kalata ya ku Joni: Mphwanu Wasunga Zikhadabo

Mayfair, Johannesburg

Okondedwa a malume,

Kuno kulibe chovuta kupatula chisanu cha mu June. Kalatayi ndi yoyankha funso lanu lija, loti n'chifukwa chiyani mphwanu wamng'ono wasiya kutumiza ndalama za malata. Mtima m'malo. Sanakwatire Mzulu, sanamangidwe, ndipo mowa salawa. Wagula gitala.

Zinayambira kwa mzungu wina wachikulire kumene mnyamatayu amagwirako ganyu ya m'galadeni Loweruka. Mkuluyu amaimba nyimbo zotchedwa flamenco, zochokera ku Andalusia, kumwera kwa dziko la Spain, m'mizinda ngati Seville, Cádiz ndi Jerez de la Frontera. Eni ake enieni ndi anthu a mtundu wa Gitano, amene kwa zaka mazanamazana ankaonedwa ngati obwera osafunika. Tsiku lina mphwanu akuthirira maluwa pansi pa zenera anamva gitalayo ikulira, anangoti kakasi, paipi ili m'manja, mpaka maluwa anamira. Bwana wina akanamuthamangitsa. Uyu anamulowetsa m'nyumba n'kumugwiritsa gitala.

Tsono nkhani yakula pa zikhadabo. Flamenco saimbira kapulasitiki kokhwatchira nsambo ayi, amaimba ndi zikhadabo za dzanja lamanja, pamene za kumanzere amawenga mpaka pamnofu kuti zala zizikanikiza bwino. Choncho dzanja limodzi la mphwanu ndi la munthu wa ganyu, linalo ndi la kamtema. Kuntchito amavala gulovu imodzi. M'thumba la malaya amayenda ndi katupa kosalazira zikhadabo, ndipo amakatulutsa ngakhale mu takisi. Choopsa koposa, a malume, mwana amene anakulira kondowole, amene ankakoka chilimira usiku wonse mwera ukuwomba, lero akudya nsima ndi foloko. Akuti nsima yotentha imafewetsa zikhadabo. Chimodzi chitathyoka pa chitseko cha bafa anachimata ndi guluu, ndipo madzulo amenewo sanalankhule ndi munthu.

Kaimbidwe kake nako n'kodabwitsa. Pali kena amati rasgueado: amafumbata zala n'kuzimasula chimodzichimodzi, kuyambira chaching'ono mpaka cholozera, mofulumira kwambiri moti khutu limamva kamodzi, prrram! Pali kenanso amati golpe, kugogoda pamimba pa gitala ndi chala kwinaku nsambo zikulira. N'chifukwa chake gitala yake ndi yopepuka, nsambo zili pafupi ndi khosi, ndipo pamimba anamatapo pulasitiki yoonekera kuti thabwa lisaboke. Koma chimene chamuzunguza mutu ndi kuwerenga. Nyimbo zambiri za flamenco, monga soleá ndi bulerías, zimayenda m'magulu a 12, ndipo amatsindika pa 3, 6, 8, 10 ndi 12. Kwathu pa malipenga palibe amene amawerenga, ng'oma ikalira mwendo umadziwa wokha. Mphwanu amawerenga posamba, amawerenga poyenda, ndipo usiku ali mtulo amafuula "teni!" n'kumenya phazi pakhoma. Mnzathu wa ku Mozambique wa chipinda chinacho nayenso waphunzira kuyankha, koma ndi nsapato.

Kuimba pakamwa ndiye anangoyesa kamodzi. Woimba flamenco amayamba ndi "ayiii" wautali, wosasa mawu, maso atatsinzina. Mphwanu atayesa Lamlungu m'mamawa, sipanathe mphindi zambiri anzathu a ku Mangochi a panyumba pano anali atafika pakhomo, zipewa zili m'manja, kufunsa kuti watisiya ndani kumudzi. Mayi wina anali atasonkhetsa kale ndalama za chipepeso. Zinabwezedwa zonse, ngakhale mphwanu anayamba wanena kuti zikanakwana nsambo zatsopano.

Pakhoma, pamene ena amapachika kalendala, iye wapachika chithunzi cha Paco de Lucía. Mkuluyu anabadwira ku Algeciras mu 1947 ndipo anamwalira ku Mexico mu 2014. Bambo ake ankamukhazika pa gitala maola ambirimbiri tsiku lililonse ali kamwana. Ndiyenso analowetsa mu flamenco bokosi lamatabwa lotchedwa cajón, limene woimba amalikhalira n'kumaliwomba ndi manja. Analipeza ku Peru, kwa zidzukulu za akapolo ochokera ku Africa. Mphwanu atamva zimenezi anakhuthula zovala zonse za mu dirowa la mkulu wake n'kuliyesa ng'oma.

Wolemba kalatayi anakwiya, koma ataganiza bwino waona kuti mwanayu sanayambe zachilendo. Inuyo mukukumbukira anthu a Wenela opita kumigodi ya kuno, asanaletsedwe ndi Kamuzu mu 1974 ndege yawo itagwa ku Francistown, momwe ankatsikira pa boma ndi njinga, wailesi ndi gitala pamsana. Chaka chomwecho cha 1947 chimene anabadwa Paco, kwathunso kunabadwa Daniel Kachamba. Iye ndi mng'ono wake Donald anatenga kwela, nyimbo ya m'misewu ya ku Joni kuno, n'kuiphika mwakwawo ku Chileka, mpaka katswiri wa ku Vienna, Gerhard Kubik, anadzawajambula, ndipo Donald anakaimba ku Ulaya. Bungwe la UNESCO linaika flamenco pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa mu 2010, ndipo linapeza Gule Wamkulu ndi Vimbuza zili kale pomwepo. Mphwanu akamadzitama ndi za ku Spain, timamukumbutsa zimenezi.

Chilungamo chake, zala zayamba kumvera. Posachedwapa anatenga nyimbo ija amaimba asodzi pokankhira bwato m'madzi, n'kuiyendetsa pa 12 wake uja. Mozambique wa nsapato uja anagogoda pachitseko, nthawi ino ndi dzanja, n'kupempha kuti abwereze.

Za malata musade nkhawa, ndalama ziyambiranso kufika mwezi ukatha, chifukwa khadi lake la kubanki tsopano likugona m'chikwama cha mkulu wake. Mukawauze a kuchibwenzi kwake kuti akaona zikhadabo pa chithunzi cha pa WhatsApp asaganize zambiri. Akabwera pa Khirisimasi musamutume kusenda chinangwa kapena kusoka ukonde, mungadzaone mwamuna akulira. Ndipo transipota akamanyamuka mutipatsireko usipa wouma wa ku Chia ndi ufa wa kondowole wokwanira, tione ngati foloko ija ingalimbe.

Ndatha ine mphwanu wamkulu,
wa ku Joni